Ipitirira Sabata Yamawa: Kadulidwe ka Nkhani Yotuluka M'magawo

Mukalemba mawu akuti "ipitirira" pansi pa tsamba, kapena mukazimitsa chithunzi pa kanema nkhani ili pakati, mwalowa m'ngongole. Munthu wakupatsani madzulo ake, inu mwamuuza kuti abwerenso, zotsalazo mudzampatsa. Lonjezo ndi ngongole, ndipo luso lonse lotulutsa nkhani m'magawo lagona pa kubwereka chidwi cha anthu n'kumabweza pa nthawi yake, kaya nkhaniyo ikutuluka m'nyuzipepala, m'magazini, pa wailesi yakanema kapena m'mafilimu otsatizana.

Yambani ndi mathero

Musanatulutse gawo loyamba, tengani pepala limodzi mulembepo mmene nkhaniyo idzathere. Sindikunena zolemba gawo lomaliza lonse ayi. Mizere isanu yakwana: funso lalikulu la nkhaniyi ndi liti, yankho lake ndi lotani, mwininkhani adzataya chiyani kuti alipeze, ndani adzatsale, ndani adzasinthe. Chifukwa chake n'chakuti gawo likatuluka, latuluka. Wolemba buku akafika pa mutu 20 n'kuona kuti m'kabati munafunika kiyi wachiwiri, amabwerera ku mutu 2 n'kukamuikamo, palibe amene adzadziwe. Inu mwayi umenewo mulibe. Mutu 2 uli kale m'manja mwa anthu, ena anaudula n'kuusunga.

Pepalalo musunge pamalo poti mnzanu wodalirika angalipeze. Charles Dickens, mlembi wa ku Britain amene mabuku ake ankayamba atuluka m'magawo, anamwalira mu June 1870 atalemba magawo 6 okha mwa 12 a The Mystery of Edwin Drood, osasiya dongosolo la otsalawo. Mpaka lero anthu akungoganizira mmene nkhaniyo ikanathera.

Papepala lomwelo sankhaninso mtundu wa nkhani yanu, pakuti ilipo itatu. Pali nkhani ya funso limodzi yomwe imatha funsolo likayankhidwa, monga ma telenovela, masewero a pa kanema a ku Latin America amene amayenda miyezi ingapo n'kutsekedwa. Pali nkhani yopanda mathero, yomwe mphamvu yake ili m'malo, msewu umodzi, chipatala chimodzi, banja limodzi, anthu akumabwera n'kumapita: Coronation Street inayamba ku Britain mu December 1960 ndipo ikuonetsedwabe, pomwe Guiding Light ku America inayamba pa wailesi mu 1937, n'kupita pa kanema mu 1952, n'kudzatha mu 2009. Wachitatu ndi uja wakuti gawo lililonse ndi nkhani yathunthu koma ampangankhani ndi omwewo, mmene Arthur Conan Doyle ankachitira ndi Sherlock Holmes m'magazini ya The Strand kuyambira mu 1891, kotero kuti woiphonya mwezi umodzi sankasochera. Ngati n'koyamba, ine ndingati tengani mtundu woyamba, magawo osapitirira 12. Nkhani yopanda mathero imafuna gulu la olemba olandizana, ndipo munthu mmodzi imamufoola chaka chisanathe.

Dziwani malo amene mwapatsidwa ndi kutalika kwa kudikira

Funsani mkonzi chiwerengero cha mawu, kapena mphindi ngati ndi kanema, musanagawe kanthu. Magawo a pamwezi a Dickens ankakhala a masamba 32 ndi zithunzi ziwiri, ogulitsidwa shilling imodzi, ndipo iye ankalemba molingana ndi malo amenewo, osati kulemba kaye kenako n'kumadula mwachisawawa. Pa wailesi zakanema zamalonda ku America, sewero la ola limodzi limakhala la mphindi 42 mpaka 45, zotsalazo ndi za otsatsa malonda. Pamene pakulowa malonda paliponse ndi podula paling'ono, ndipo woonera ali ndi rimoti m'manja. Choncho gawo limodzi la pa kanema yotere limafuna timafunso tinayi kapena tisanu m'kati mwake, kuwonjezera pa funso la kumapeto.

Chachiwiri chofunsa n'chakuti anthu adzadikira nthawi yaitali bwanji. Nkhani ya tsiku ndi tsiku imatha kuima pa kanthu kakang'ono, kugogoda pachitseko kokha n'kokwanira. Ya pasabata ikufuna funso loti anthu angakambirane masiku asanu ndi awiri osatopa nalo. Ya pamwezi ikhale ndi ampangankhani ochepa, chifukwa mayina amaiwalika. Filimu yodikiritsa chaka kapena ziwiri iyenera kukhala yokhutitsa payokha, woonera atuluke akumva kuti waona nkhani, osati theka la nkhani. Mu February 2013 Netflix inatulutsa magawo onse 13 a House of Cards tsiku limodzi, ndipo njira imeneyi inafala. Kumeneko kudikira ndi kwa masekondi ochepa, moti kukumbutsa zam'mbuyo kumangotopetsa. Komabe pali china chimene chimatayika: sabata ija imene anthu amatsutsana, kulosera, kukokera anzawo kuti nawonso ayambe kuonera. Ngati nkhani yanu ili ndi chinsinsi chimene mukufuna chiyende pakamwa pa anthu, kutulutsa pang'onopang'ono kumaipatsa mpata wokula.

Podula

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndiye tiyeni tichedwepo. Nkhani yathu ikhale iyi. Mtsikana wina bambo ake amwalira. Akulongedza zovala zawo, wapisa dzanja m'thumba la jekete, wapeza kalata yochokera ku sukulu ina, yothokoza bamboyo chifukwa cholipirira mwana fizi kwa zaka 8. Mwanayo, dzina la bambo ake ndi lofanana ndi la mtsikanayu. Gawo loyamba lithere pati?

Mukhoza kudula pamene zala zake zakhudza pepala. Ambiri amadula pamenepo poganiza kuti asiya owerenga m'malere, koma taonani: wowerenga sakudziwa kanthu, alibe choti aganizire, pepalalo likhoza kukhala lisiti chabe. Mwam'bisira, simunam'patse njala. Mukhoza kudula pamene wawerenga dzina lija. Apa zayamba kukoma, chifukwa wowerenga wadziwa chinthu cholemera ndipo apita nacho kwawo. Koma pitirizani mizere inayi yokha. Mtsikana wamva mapazi pakhomo. Amayi ake alowa, maso ali otupa, afunsa kuti, "Mwapezamo kanthu m'matumbamo, mwanangu?" Iye wapinda kalata ija m'dzanja, wayankha, "Ayi amayi, mulibe chilichonse." Dulani pamenepo. Tsopano wowerenga ali ndi chinsinsi, ali ndi bodza, ndipo ali ndi mlandu woti aweruze sabata yonse: kodi wachita bwino kuwabisira? Kudula pa chisankho cha munthu kumagwira mtima kuposa kudula pa chinthu chobisika, chifukwa chisankho chimabala zotsatira, ndipo wowerenga amayamba kuziopa yekha inu musanazilembe.

Njira zodulira zilipo zingapo, muzizisinthasintha. Lero mwaima pa chisankho, sabata yamawa imani pa kufika kwa munthu amene sankayembekezeka, ina imani pamene wowerenga wadziwa chimene mwininkhani sakudziwa, monga kuona amayi aja usiku akupisa m'thumba lomwelo la jekete n'kupeza muli mbee. Nthawi zina gawo lithe mwakachetechete, anthu awiri atangokhala osalankhulana. Wowerenga amene wakuwiridwa kumapeto kwa gawo lililonse amagontha.

Kuika munthu pangozi n'kudula ndiko kosavuta, ndipo ndiko kumatha mphamvu msanga. Mafilimu a m'magawo amene ankaonetsedwa sabata ndi sabata m'nyumba zakanema ku America, kuyambira zaka za m'ma 1910 mpaka m'ma 1950, ankakonda kuthera pa galimoto ikugwera kuphompho mwininkhani ali m'kati. Sabata yotsatira n'kuonetsa chithunzi chimene sichinalipo poyamba, munthuyo atadumpha kale galimoto isanagwe. Kumeneko n'kubera woonera, ndipo akazindikira kawiri katatu amasiya kuopa. Lamulo ndi ili: njira yopulumukira ikhale itaoneka kale musanadule, ngakhale woonerayo sanaisamale. Conan Doyle anapha Holmes pa mathithi a Reichenbach mu 1893 n'kudzamuukitsa mu 1903, ndipo zinatheka chifukwa m'nkhani yoyamba ija palibe anaona mtembo, panali mapazi ndi kakalata basi. Sewero la pa kanema la Dallas linatseka chigawo chake, kutanthauza magawo a chaka chimenecho, mu March 1980 mpangankhani wina dzina lake J.R. atawomberedwa ndi munthu wosaoneka, yankho n'kubwera mu November, anthu oposa 80 miliyoni ku America akuonera. Chinadikiritsa anthu miyezi 8 si mfuti ayi. Magawo am'mbuyo anali ataonetsa kale anthu ambiri amene anali ndi chifukwa chomuwombera, ndiye aliyense anali ndi womuganizira wake.

Gawo lililonse libwezeko kena kake

Jambulani mizere inayi yotsika papepala lalikulu. Woyamba, nambala ya gawo. Wachiwiri, funso limene gawolo latsegula. Wachitatu, funso limene layankha. Wachinayi, chimene chasintha chomwe sichingabwererenso. Mukaona magawo awiri otsatizana mzere wachitatu uli wopanda kanthu, dziwani kuti mukungobwereka osabweza, ndipo anthu ayamba kuchoka. Njira ina yoyesera ndi kuchotsa gawo lonse n'kuwerenga lam'mbuyo ndi lakutsogolo motsatizana. Ngati nkhani ikumveka bwinobwino, gawo lochotsedwalo linali lodzazira malo.

Pakati pa nkhani ndi pamene pamafooka. Mwa magawo 12, owerenga amabwera ndi chidwi cha poyambira mpaka gawo 3 kapena 4, kenako amafuna chifukwa chatsopano. Musasunge yankho lalikulu mpaka kumapeto ngati chuma. Liperekeni pakati, koma libale funso lolemera kuposa loyamba. Mtsikana wathu akumane ndi mlongo wakeyo m'gawo 6, osati 12. Ndipo mnyamatayo pomulandira anene modekha kuti, "Amayi anu ali bwanji? Chaka chatha anadzandiona ndili m'chipatala." Funso lakuti mwanayu ndani lafa, labadwa lina: amayi ankadziwa zaka zonsezi, nanga amene wakhala akubisira mnzake ndani?

Nkhani zing'onozing'ono zoyenda pambali zisapitirire ziwiri kapena zitatu, ndipo zisamathe nthawi imodzi. Ina ikamatsekedwa, ina ikhale ili pakati.

Poyambira gawo lotsatira

Wowerenga wakhala sabata yonse ndi moyo wake, sakukumbukira zonse, ndipo wina akuyamba lero. M'nyuzipepala ikani mizere iwiri kapena itatu pamwamba yonena pamene nkhani inaima, osati mbiri yonse. Kuposa pamenepo, kumbutsani m'kati mwa nkhani momwemo: mpangankhani aliyense akhale ndi chomuzindikirira, kalankhulidwe, ntchito, kanthu kamene amanyamula, ndipo akamaonekera koyamba m'gawolo chizindikirocho chibwere nawo. Pewani kukambitsana anthu awiri zinthu zimene onse akudziwa kale pongofuna kukumbutsa owerenga, zimamveka kuti n'zopangira.

Pa kanema samalani ndi timapisi tija ta zam'mbuyo timene timatsegula gawo. Mukaonetsamo munthu amene anasowa kuyambira gawo 2, mwaulula nokha kuti lero abwera. Funso limene munasiya sabata yatha liyankhidwe gawo lisanafike pakati. Kuyamba ndi nkhani yapambali kwa mphindi zochepa kumawonjezera dyokodyoko, koma kulidumpha gawo lonse kumakwiyitsa.

Kope la zonse

Gulani kope, kapena tsegulani fayilo, mulembemo chilichonse chimene chatuluka: zaka za munthu aliyense, abale ake, tsiku limene chinthu chinachitika, ndani akudziwa chinsinsi chiti ndipo anachidziwa m'gawo liti. Olemba masewero a pa kanema buku lotere amalitcha bible, ndipo wolemba watsopano akalowa m'gulu amayamba waliwerenga. Ine ndinaphunzira kufunika kwake movutikira. M'nkhani ina ndinalemba kuti mayi wina sadziwa kuwerenga, patapita milungu isanu ndi iwiri n'kumuwerengetsa kalata yekha. Wowerenga wina analemba modandaula kuti ankamukonda mayiyo chifukwa cha mmene ankabisira vuto lakelo, ndipo tsopano sakudziwanso kuti akhulupirire ziti. Zinandipweteka chifukwa ankanena zoona. Mbali yofunika kwambiri m'kopemo ndi ya "ndani akudziwa chiyani", pakuti nkhani ya m'magawo imayendera pa zimenezo.

Khalani patsogolo ndi magawo angapo

Musayambe kutulutsa musanamalize magawo atatu kapena anayi. Chakudza sichiimba ng'oma: matenda, maliro, kompyuta kuwonongeka. Ngakhale Dickens, wolimbikira uja, mu 1837 analephera kupereka gawo la mwezi mlamu wake Mary Hogarth atamwalira mwadzidzidzi. Tsiku lotulutsira likhale limodzimodzi, pakuti mukumanga chizolowezi, ndipo chizolowezi chikaduka kawiri sichilumikizika msanga. Zikavuta ndithu, auzeni anthu tsiku lenileni limene nkhani ibwerere.

Koma ngati mukulemba za m'nyuzipepala kapena m'magazini, sindingakulimbikitseni kumaliza magawo onse musanayambe. Siyani mpata womva anthu.

Mverani anthu, chiwongolero musapereke

Nkhani ya Dickens yotchedwa The Pickwick Papers itayamba kutuluka mu 1836 inkagulidwa makope mazana ochepa. M'gawo lachinayi munalowa wantchito wina wolankhula mokometsa, Sam Weller, anthu anamukonda, Dickens anam'patsa malo aakulu, ndipo pofika kumapeto mu 1837 gawo limodzi linkagulidwa makope pafupifupi 40,000. Umenewu ndi mwayi umene wolemba buku lathunthu alibe. Mverani zinthu ziwiri: pamene anthu asokonezeka, ndi munthu amene amukonda kapena kumuda kuposa mmene munkaganizira. Izi zikonzeni, zikulitseni.

Zimene akufuna kuti zichitike, zimenezo musatsate. Wina afuna awiriwa akwatirane, wina afuna woipayo afe mawa, ndipo ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Akapatsidwa zimene apempha, chowabweretsanso sabata yamawa chimatha. Ndipo ena akalosera mathero molondola, musasinthe mathero pofuna kuwadabwitsa. Alosera chifukwa munadzala bwino. Mukazula n'kuikapo zina, magawo onse am'mbuyo asanduka abodza.

Nkhani ikamadutsa papepala kupita pa kanema

Podula pa pepala si podula pa kanema. Papepala gawo likhoza kuthera m'maganizo a munthu, pa kanema liyenera kuthera pa chinthu chooneka kapena chomveka. Tsamba lonse la mtsikana akulimbana ndi mtima wake limasanduka dzanja likufinya kalata kumbuyo. Choncho posamutsa nkhani, yalani zochitika zonse motsatana ngati kuti sizinagawidwepo, kenako gawaninso potengera mphindi.

Kutulutsa nkhani imodzi m'njira ziwiri nthawi imodzi si kwachilendo. Mu 1912 kampani ya Edison inatulutsa What Happened to Mary m'magawo 12, limodzi pamwezi, nkhani yomweyo ikutulukanso m'magazini ya The Ladies' World, wowerenga n'kumapita kukaonera, woonera n'kumagula magazini. Mukatsata njira imeneyi, gwirizanitsani masiku kuti mbali imodzi isaulule zimene inayo sinafikepo, ndipo mbali iliyonse imveke payokha kwa munthu amene inayo sakuitsata.

Za mafilimu otsatizana, vuto lalikulu ndi nthawi. Ochita sewero amakula, ena amapeza ntchito kwina, malo ojambulira amasintha. N'chifukwa chake Peter Jackson anajambula mafilimu atatu a The Lord of the Rings pamodzi ku New Zealand mu 1999 ndi 2000, n'kumawatulutsa imodzi pachaka, mu 2001, 2002 ndi 2003. Njirayi imafuna ndalama zonse zipezeke poyamba. Ngati mulibe chitsimikizo choti filimu yachiwiri idzajambulidwa, yoyamba itseke funso lake lalikulu, isiye kakhomo kakang'ono kokha. N'chimodzimodzi ndi chigawo cha sewero la pa kanema chimene simukudziwa ngati eni wailesi adzachipitirize. Kusiya anthu m'malere pa nkhani imene sidzabweranso ndi ngongole yothawa nayo.

Musanasaine pangano, onetsetsani kuti lanena momveka zinthu izi: magawo ndi angati, malipiro ndi a gawo lililonse kapena a nkhani yonse, mkonzi angasinthe mpaka pati, ndipo ufulu wodzaitulutsa ngati buku kapena filimu utsala kwa ndani. Ufulu wosindikiza m'magawo ndi wosiyana ndi ufulu wa buku kapena wa kanema, musaupereke wonse pamodzi mosadziwa. Funsaninso chimene chidzachitike mkonzi akaimitsa nkhani pakati. Mu 1877 mkonzi wa ku Russia Mikhail Katkov anakana kusindikiza gawo lomaliza la Anna Karenina m'magazini yake chifukwa chosiyana maganizo ndi mlembi wa nkhaniyo, Leo Tolstoy, pa za nkhondo ya ku Serbia, ndipo Tolstoy analitulutsa payekha. Anatha kutero. Inunso pangano lanu likusiyireni njira yofikitsira mathero kwa anthu amene akhala akudikira.

Gawo lomaliza

Lengezani pasadakhale kuti kwatsala magawo awiri, kenako limodzi, anthu akonzeke. Pemphani malo owonjezera, Dickens gawo lake lomaliza linkakhala lowirikiza kawiri. Tengani pepala lija la mizere inayi, muyende ndi chala pa funso lililonse limene munatsegula, muone ngati lili ndi mnzake mu mzere wa mayankho. Ang'onoang'ono atsekeni m'magawo awiri am'mbuyo, kuti lomalizali litsale ndi funso lalikulu lokha ndi mpata wopumira. Musabweretse munthu watsopano kudzathetsa mavuto, ndipo yankho likaperekedwa musathamangire kutseka, anthu akhala ndi ampangankhaniwa miyezi itatu, apatseni tsamba limodzi lotsanzikana nawo.

Kenako bwererani ku gawo loyamba mukaone chimene munabwereka tsiku lija. M'nkhani yathu chinali kalata yofinyidwa m'dzanja ndi mawu akuti "mulibe chilichonse". Ndiye m'gawo 12 mtsikana uja aitulutse kalatayo, itatha m'mopinda chifukwa choyenda nayo, aiwongole ndi chikhatho patebulo pamaso pa amayi ake, anene kuti, "Amayi, tsiku lija ndinakunamizani."